Bwanji anyamata omaliza sekondale akusiyana chonchi dziko ndi dziko?

Kadzidzi:
Akuluakulu ndithandizeni apa. Ziwerengero za OECD, bungwe la mayiko ambiri olemera, zikuonetsa kuti ku South Korea pafupifupi 98 peresenti ya anthu a zaka 25 mpaka 34 anamaliza sekondale, amuna ndi akazi omwe, koma ku Spain anyamata ambiri ndithu amasiyira panjira chonsecho Spain si dziko losauka ayi. Nde vuto ndi ndalama kapena ndi chani? China chondidabwitsa, m'mayiko olemera ambiri atsikana ndi amene akumaliza ambiri kuposa anyamata, si atsikana amene timamva kuti amatsalira kodi?

Mphunzitsi_Wakale:
Achimwene musanayambe kufananiza funsani kaye kuti akuwerenga ndani. Ku Germany ndi Switzerland mnyamata wa zaka 16 akalowa maphunziro a ntchito zamanja, masiku ena ali mu galaji manja akuda bii ndi oyilo masiku ena ali mkalasi, akamaliza amawerengedwa kuti wamaliza sekondale, ndipo ku Switzerland achinyamata pafupifupi awiri mwa atatu amadutsa njira imeneyo. Dziko lina mnyamata yemweyo bwenzi akuti anathawa sukulu. Onaninso South Africa, pa matric ya 2024, mayeso awo omaliza sekondale, anakhoza 87.3 peresenti, nambala yokoma kumva, koma amawerenga okhawo amene analowa mchipinda cholembera mayeso. Amene anasowa ali Grade 10 mulibemo, ndipo ambiri osowawo ndi anyamata, nchifukwa chake olemba matric atsikana amachuluka.

Gologolo:
Za Spain zo ndi nkhani ya zomangamanga basi. Chaka cha 2008 chisanafike nyumba zimamangidwa paliponse, mnyamata akuona mnzake wasiya sukulu akunyamula simenti wagula kale galimoto, iye akhalirenji pa desiki? Nthawi imeneyo achinyamata a zaka 18 mpaka 24 osiya sukulu msanga anapyola 30 peresenti ndipo anyamata anali pamwamba kwambiri kuposa atsikana. Bizinesi ya nyumba itagwa anapezeka alibe ntchito alibenso satifiketi, ena mpaka anabwerera kusukulu ali ndi ndevu. Pofika 2023 nambalayo inatsika kufika cha m'ma 13 kapena 14 peresenti komabe anyamata ndi amene akadali ambiri. Portugal nayo inali pa mavuto kuposa apa, kupyola 40 peresenti cha m'ma 2000, mu 2009 anakhazikitsa lamulo loti aliyense akhale pasukulu mpaka zaka 18 ndipo pano ali pansi pa 10. Ine ndimaona kuti kumene ganyu ya mphamvu ikulipira msanga mnyamata sakhalitsa mkalasi, kaya dzikolo ndi lolemera kaya ayi.

MayiWaAtatu:
Abambo a Gologolo mwanena zoona ndipo sikuti ndi ku Europe kokha. Ku Lesotho mwana wamwamuna amatumizidwa kumapiri kukaweta nkhosa atafunda bulangete lake, mlongo wake ali kusukulu, moti kusekondale atsikana amachuluka kuposa anyamata, ku Mongolia nakonso abusa a ziweto amachita chimodzimodzi. UNESCO mu 2022 inati anyamata 132 miliyoni a msinkhu wa pulayimale ndi sekondale sali pasukulu padziko lonse. Koma chonde tisatembenuze nkhani ngati atsikana zawo zinatheka, ku Niger ndi Chad atsikana ndi amene amatsalira kwambiri chifukwa chokwatiwa ali ana, ku Afghanistan kuyambira 2021 saloledwa nkomwe kuponda kusekondale.

Kadzidzi:
Zikomo nonse, ndamva. Nanga Korea yo chinsinsi chake nchani poti kumeneko sekondale ya kumtunda si yokakamiza?

Mphunzitsi_Wakale:
Lamulo silikakamiza koma makolo ndi olemba ntchito amakakamiza kuposa lamulo, wopanda pepala kumeneko amavutika ngakhale kupeza ntchito yaing'ono. Ana akaweruka amapitanso ku masukulu olipira a madzulo otchedwa hagwon mpaka usiku, ndipo tsiku la mayeso olowera ku yunivesite mu Novembala ndege zimaimitsidwa kaye kuti zisasokoneze gawo lomvetsera Chingerezi. 98 yo ndi yeniyeni, koma ine mwana wanga azifika pakhomo 10 koloko usiku tsiku ndi tsiku maso ali psuu, ayi ndithu ndikanaganiza kawiri.