Ndiyambire buku liti pophunzira cryptography?

Nachisale wa ku Mufakose:
Akuluakulu, ndimakonza mafoni ndi makompyuta m'kashopu kena m'tauni muno mu Harare, ndipo makasitomala amandifunsa kawirikawiri ngati munthu wina angathe kuwerenga mauthenga awo a pa WhatsApp. Ndimangowayankha zongoganizira. Ndikufuna kumvetsa cryptography, luso lobisa uthenga kuti woulandira yekha ndiye auwerenge, koma masamu ndinalekera pa O Level. Kodi ndiyambire buku liti?

Phiri wa ku Highfield:
Achemwali, yambani ndi The Code Book, limene Simon Singh anatulutsa mu 1999, chifukwa silifuna masamu ovuta. Likuyendetsani kuchokera pa njira ya Julius Caesar yosuntha chilembo chilichonse malo atatu, kudutsa pa makina a Enigma, obisira mauthenga a asilikali a Germany, amene Alan Turing ndi anzake analimbana nawo ku Bletchley Park ku England, mpaka pa RSA, njira ya masamu yobisira uthenga pa makompyuta, ya 1977. Koma musaliwerenge ngati nthano. Tengani pensulo, mubise chiganizo cha Chichewa, mupatse mnzanu kuti achimasule powerenga chilembo chimene chikubwera kwambiri, monga anafotokozera katswiri wachiarabu al-Kindi kalekale. M'Chingerezi chilembo chimenecho ndi "e", pamene m'Chichewa chathu ndi "a", ndipo poti mawu athu amathera ndi vawelo, mwana wanga anamasula uthenga wanga tiyi asanazizire.

Banda wa ku Dzivarasekwa:
Ndikugwirizana ndi a Phiri, komabe mbiri yokha sidzayankha funso la makasitomala anu. Mukamaliza bukulo, pitani pa Understanding Cryptography la Christof Paar ndi Jan Pelzl, ndipo maphunziro a Paar mungawaonere kwaulere pa YouTube, ngati data ikulolani. Masamu ake asakuopseni msanga, pakuti chiyambi chake ndi masamu a wotchi: ikakhala 10 koloko n'kuwonjezera maola asanu, imakhala 3 koloko, osati 15.

Mayi Mwale:
Wina akakupatsani Applied Cryptography la Bruce Schneier, mulisunge kaye. Ndi la m'ma 1990, linalembedwa AES, njira yobisira uthenga imene ikugwiritsidwa ntchito kwambiri masiku ano, isanakhazikitsidwe mu 2001. Serious Cryptography la Jean-Philippe Aumasson, la 2017, likunena zimene zikugwira ntchito m'mafoni amene mumatsegula tsiku ndi tsiku.

Nachisale wa ku Mufakose:
Zikomo kwambiri nonse. Ndiyamba ndi la Singh, ndipo Loweruka ndikafunsa ku Harare City Library ngati lilipo.