Kodi chinkhwe chimene chakhala chikuswa kwa zaka zambiri chingazolowere anthu?

Nachisale:
Munthu wina woweta zinkhwe zogulitsa akusiya ntchitoyi, ndipo wandipempha kuti nditenge zinkhwe zake zotuwa za mtundu wa African grey, chachimuna ndi chachikazi. Zapitirira zaka 20, ndipo moyo wawo wonse zakhala m'khola loswera osagwidwa ndi munthu. Ine ndimafuna chachikazi chokha. Kodi chingadzazolowere kukhala nane m'nyumba?

Mbewe:
Mayi, ngati mungathe, tengani zonse ziwiri. Zinkhwe zimagwirizana kwambiri ndi mnzake wazo, ndipo chimene chasiyanitsidwa ndi mnzake wa zaka zambiri chikhoza kusiya kudya, kulira kosalekeza kapena kuyamba kudzizula nthenga, chizolowezi chomwe chimavuta kuthetsa chikangoyamba. Musayembekezere kuti zidzakhala paphewa panu, chifukwa mbalame yomwe imangodziwa dzanja la munthu ngati chinthu chobwera kudzatenga ana ake imaluma pofuna kudziteteza. Ikani khola pamalo pomwe zingakuoneni koma osazisokoneza, muzilankhula nazo modekha, ndipo chakudya chimene zimakonda muziperekera pa mawaya a khola mpaka zitayamba kubwera zokha. Zimenezi zimatenga miyezi, mwina kupitirira chaka. Kumbukiraninso kuti African grey imatha kukhala zaka 40 mpaka 60, choncho sizinakalambe kwenikweni.

Nyagondwe:
Ine nkhawa yanga ili pa chachikazicho. Kuikira mazira chaka ndi chaka kumachepetsa kashiyamu m'thupi, ndipo mtundu umenewu umavutika kale ndi vutoli. Mafupa amafooka, nthawi zina dzira limakanirira m'mimba. Chotsani bokosi loikiramo mazira tsiku loyamba lomwelo, kuti zisayambenso kuswa. Ngati zinazolowera mbewu za mpendadzuwa zokhazokha, zomwe zili ndi mafuta ambiri koma vitamini A wochepa, onjezerani masamba ndi zipatso pang'onopang'ono, chifukwa chinkhwe chachikulire chimakana chakudya chachilendo. Mapeyala ndi chokoleti ndi poizoni kwa mbalamezi, monganso utsi wa poto wokutidwa ndi Teflon (zinthu zoletsa chakudya kumatirira) akatenthedwa kwambiri. Ngati muli ndi mbalame zina, patulani zinkhwe zatsopanozi kwa masiku osachepera 30, ndipo dokotala wa ziweto aziyeze psittacosis, matenda omwe amagwiranso anthu, komanso matenda a mlomo ndi nthenga otchedwa PBFD.

Mbewe:
Mfundo imene a Nyagondwe sanatchule ndi ya mapepala. Pa msonkhano wa CITES, pangano la mayiko loyang'anira malonda a nyama ndi zomera zakutchire, womwe unachitikira ku Johannesburg mu 2016, African grey inaikidwa pa mndandanda wotchedwa Appendix I, kutanthauza kuti malonda a pakati pa mayiko a zinkhwe zogwidwa kutchire analetsedwa. Mwiniwakeyo akupatseni umboni wa komwe zinachokera, ndipo manambala a mphete za kumiyendo agwirizane ndi zomwe zalembedwa.

Nachisale:
Zikomo kwambiri. Ndiyamba ndakafunsa za mapepalawo, kenako ndikaone ngati ndingapeze khola lalikulu lokwanira zonse ziwiri.