Nkhanga zagwidwa m'malire a Lengwe: ndi zapakhomo kapena zakutchire?

Mlangizi wa ziweto, Tomali: Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Anyakwawa andiitana Lachisanu kuti ndikaone nkhanga zinayi zomwe mlimi wina wagwira m'munda wa mapira kufupi ndi malire a paki ya Lengwe. Mwiniwakeyo akuti ndi zake, zinabalalika ndi madzi a namondwe wa Freddy mu 2023 n'kulowerera ndi gulu la kuthengo. Anzake akuti bodza, watchera nkhanga za m'paki. Nkhuku ndi mbuzi ndimazidziwa, koma nkhanga kwa ine zonse ndi maanga okhaokha. Ndikayang'ane pati?

Dokotala wa ziweto, Ngabu: Achimwene, maanga asakutayitseni nthawi, yambirani kumutu. Nkhanga zoweta zambiri mtundu wake unachokera ku West Africa. Nkhope yake imakhala yoyererako ngati yapakidwa ufa, ndipo tinyama tolendewera m'mbali mwa mlomo timakhala tofiira tonse, totambalala. Yathu yakutchire kuno nkhope ndi yabuluu, tinyamato n'tosongoka, tabuluu, kofiira n'kunsonga kokha. Mukatero tsikirani kumiyendo. Yakutchire miyendo ndi yakuda, pomwe yoweta nthawi zambiri imakhala ndi zigamba zachikasu kapena zofiirira, zikhadabo zina zoyera.

Mlangizi wa ziweto, Tomali: Nanga fupa lija la pamutu? Ndinamva kuti yakutchire limakhala lalitali.

Dokotala wa ziweto, Ngabu: Limathandiza koma musaliike patsogolo. Limakula ndi msinkhu, ndiye yakutchire yaing'ono ikhoza kukupusitsani. Ndipo ngati zili misoti yoti nkhope sinakhwime mtundu, auzeni anyakwawa kuti adikire kaye.

Mlonda wa nyama zakutchire, Chikwawa: Ndiwonjezereko pa zomwe anena adokotala. Mukaigwira, tambasulani phiko. Nthenga zazitali zakumapeto zikakhala zoyera mbee, kapena pachifuwa pali chigamba choyera, imeneyo ili ndi magazi a pakhomo. M'gulu lenileni la kutchire simuona zimenezo. Onaninso m'munsi mwa khosi: yoweta imakhala ndi kolala yotuwa yopanda maanga.

Koma samalani, ku Lengwe kuli mitundu iwiri. Kupatula iyi ya fupa pamutu, m'nkhalango zowirira zija momwe mumabisala nyama zotchedwa nyala muli ina ya tsitsi lakuda lopotanapotana pamutu ndi maso ofiira. Imeneyo ili ndi kamzere koyera paphiko mwachibadwa. Wina akhoza kuona kuyerako n'kumati ndi yapakhomo, chonsecho ndi mbalame ya m'paki yeniyeni. Sikonda kutulukira poyera ngati inzakeyi, koma mukaipeza m'khola la munthu ndiimbireni.

Mayi oweta nkhanga, Bangula: Bambo a ku Tomali, zonse akuuzanizo n'zoona, koma ine woweta ndikuti mutu ndi miyendo zikuuzani mtundu, sizikuuzani mwini. Kuno anthu ambiri amatola mazira kuthengo nthawi ya dzinja, akapeza chisa polima kapena pomweta udzu, n'kukaikira thadzi la nkhuku. Limafungatira masiku 26 mpaka 28, kusiyana ndi 21 a mazira ake, ndipo anapiye akaswa amatsata nkhukuyo ngati mayi wawo. Zikakula nkhope yabuluu, miyendo yakuda, zonse zakutchire, koma zakulira pamadeya a munthu. Ndiye mukaona yabuluu musathamangire kunena kuti bamboyo ndi wakuba.

Komanso zoterezi sizikhazikika. Mvula ikayamba, zinzake zikamalira kumunda madzulo, zimangotsatira osabweranso. Sizilira kuti kubwere Freddy kuti zithawe.

Mlonda wa nyama zakutchire, Chikwawa: Mayi, kutola mazirako ngati chisa chili mkati mwa paki ndi mlandu kale. Lamulo la nyama zakutchire analikhwimitsa mu 2017, anthu asamatengere kuti ndi mazira chabe.

Mayi oweta nkhanga, Bangula: Ndikunena za m'minda mwathu, bambo, osati mwanu m'paki. Nkhanga sidziwa malire.

Wophunzira za ulimi, Nchalo: Pepani akuluakulu, ndaona pa intaneti nkhanga ina ya chifuwa chabuluu ndi nthenga zazitali m'khosi. Siingakhale imeneyo yachilendoyo?

Dokotala wa ziweto, Ngabu: Ayi mphwanga, imeneyo kwawo ndi ku Kenya, Ethiopia ndi Somalia, m'malo ouma. Ikanakhala iyo mudzi wonse ukanasonkhana kudzaionerera, sipakanakhala mkangano.

Mfundo ya mayi a ku Bangula ndi imene yandigwira. Palinso za pakati: yoweta ikalowerera imakwerana ndi zakutchire, ana ake n'kutuluka osakanikira. Mupeza nkhope yabuluu koma nthenga ziwiri zoyera kuphiko, kapena miyendo yakuda chala chimodzi chachikasu. Zoterozo musalembe kuti "yoweta" kapena "yakutchire". Lembani zomwe maso anu aona pa mbalame iliyonse payokha, muijambule kumutu, phiko lotambasula ndi miyendo. Kugamula n'kwa anyakwawa ndi a paki, osati inu.

Mayi oweta nkhanga, Bangula: Mufunseni mwiniwakeyo asanazione bwino kuti zake zinali zazimuna zingati, zazikazi zingati, ndipo anazipeza bwanji. Woweta weniweni sasowa yankho. Kenako mvetserani kulira: yaikazi ndi imene imalira mawu awiri mobwerezabwereza, yaimuna imangotokota liwu limodzi. Muoneninso khalidwe. Yomwe inakulira pakhomo, ngakhale itakhala nthawi kuthengo, munthu akamwaza madeya imabwerera msanga m'mtima. Yakutchire imadziwombetsa kukhoma la khola mpaka kusupuka pamutu, chakudya osachiyang'ana.

Mlangizi wa ziweto, Tomali: Ndabwerako, akuluakulu. Ziwiri nkhope zoyera, tinyama tofiira, miyendo yachikasu, imodzi ili ndi chifuwa choyera chonse. Pa izi panalibe wotsutsa, ndipo mayi wina woyandikana naye anaikira umboni kuti yachifuwa choyerayo ankaiona pakhomo pa bamboyo madzi asanabwere. Yachitatu ndi yosakanikira ngati munanenera adokotala, nkhope yabuluu koma nthenga zoyera kuphiko lakumanzere. Yachinayi ndi yakutchire mbali zonse, ndipo pamutu yadzisupula kale podziwombetsa. Mwiniwake atafunsidwa anavomera kuti zake zonse anagula pamsika zili zazikulu, sanaikirepo mazira a kuthengo. Anyakwawa agamula kuti yachinayiyo ipite kwa a paki. Yosakanikirayo akuti akambirana nawo Lolemba.

Mlonda wa nyama zakutchire, Chikwawa: Yachinayiyo asaimasule okha. Yagona khola limodzi ndi nkhuku, ikhoza kutengera chitopa ku gulu la kuthengo. Aiike payokha, aphimbe khola ndi chiguduli kuti idekhe, tibwera kudzaiona. Yosakanikirayo ife sitingakonde kuti ibwerere m'tchire, ikawonjezera magazi a pakhomo m'gulu la m'paki.

Dokotala wa ziweto, Ngabu: Zotsala pakhomozo azipatule ndi nkhuku milungu iwiri, kenako muzidonthezere katemera wa chitopa wa I-2 m'diso pamodzi ndi nkhuku zonse za pakhomopo. Mumuuzenso adule nthenga za phiko limodzi ndipo amange kaulusi kamtundu kumwendo, kosathina. Katemera muli naye kumeneko, kapena ndikusungireni botolo mudzatenge Lachiwiri?