Madzi a kamtsinje kathu afiira, ndiwo za kudimba tidye kapena ayi?

Membala wobisa dzina: Abale ndithandizeni mutu sukugwira. Kwathu ndi ku Mchinji koma ndinakwatiwa kuno ku Kopala, chigawo cha migodi ya mkuwa ku Zambia, mbali ya Kitwe. Ndili ndi kadimba ka repu ndi tomato, ndi komwe ndimapezera ya sopo poti bambo a kunyumba ntchito inatha, alamu anga omwe tinawabwereka ndalama ya feteleza mpaka lero foni sayankha, apongozi nawonso akuti ndine waulesi chonsecho ndimadzuka kusanache kukathirira. Tsopano madzi asintha, pamiyala pamata zofiira ngati dzimbiri, achule sakuliranso usiku, repu akupsa m'mbali mwa masamba. Mwana wamng'ono akungodzikanda miyendo. Ndiwozi tidye? Nanga madziwa ndikawiritsa akhala bwino?

Mkulu wa ku Kopala: MAYI MADZI AMENEWO MUSAWAKHUDZE!! Ndi asidi wa ku migodi ameneyo. Mwaiwala kale za pa 18 February 2025? Damu la zinyalala za mgodi wa mkuwa ku Chambishi linagumuka, malita pafupifupi 50 miliyoni analowa mumtsinje wa Mwambashi mpaka kukafika mumtsinje wa Kafue, nsomba kuyandama mbuu, ku Kitwe madzi a m'mipopi kutsekedwa, mpaka ndege za asilikali kumamwaza laimu mumtsinje. Anthu akuda timaiwala msanga ndiye vuto lathu.

Nachisale: Mtsinje wake uti mayi? Ndipo mukumwa omwewo kapena muli ndi mjigo?

Mayi a mapasa: Inu mlamu sabwerekedwa ndalama. Ine wanga anadya ya sukulu fizi ya ana anga, pamaliro timangopatsana moni basi.

Wa ku Joni: Izi kuno nzakale. Ku Krugersdorp migodi yakale ya golide inadzaza madzi, mu 2002 anayamba kusefukira kunja, kamtsinje ka Tweelopiespruit mpaka kusanduka kachikasu. Ine ndinagwirako ganyu mbali imeneyo, nsapato zanga zinatha mwezi usanathe ndipo bwana sanandilipire.

Mnyamata wa kabaza: Repu wothira kale viniga ameneyo mayi, kwezani mtengo kkkk

Nachisale: Mwana wa mnzako akudwala iwe ukuseka? Ulemu pang'ono.

Aphunzitsi: Akulu a ku Kopala mukusakaniza zinthu ziwiri. Kugumuka kwa damu ndi ngozi ya tsiku limodzi. Koma palinso asidi wotuluka pang'onopang'ono, miyala ya salufa yofukulidwa mumgodi ikakumana ndi mpweya ndi mvula imapanga asidi, asidiyo nkumasungunula ayironi, mkuwa ndi zitsulo zina nkumatsikira kumtsinje, zaka ndi zaka ngakhale mgodi utatsekedwa. Zofiirazo ndi ayironi. Komanso m'madambo ena madzi amafiira okha popanda mgodi, ndiye tisagamule tisanayeze. Mayi, kuwiritsa kumapha tizilombo basi, zitsulo zimatsalira momwemo. Klorini chimodzimodzi.

Mkulu wa ku Kopala: Aphunzitsi sayansi yanuyo kaphunzitseni ana a sukulu. Dambo liti limathamangitsa achule? Kafue ameneyu ndi amene Lusaka amamwa, inu muli bize kuteteza makampani, anakupatsani zingati?

Aphunzitsi: Sindikuteteza munthu bambo. Mayi pitani ku ZEMA, bungwe la boma loona za chilengedwe, mukanene, apempheni adzayeze madzi ndi dothi lomwe. Pakali pano repuyo musadye, musagulitsenso, masamba amakoka zitsulo.

Agogo a Tadala: Mwanayo mupite naye kuchipatala mawa lomwe mwanawe, asiye kusewera kumadziko. Zinazi zibwera pambuyo.

Mkulu wa ku Kopala: Kukanena nkutaya nthawi, adzangolemba mu kabuku. Jambulani vidiyo muponye pano dziko lione! Sonkhanitsani anzanu a madimba mupite pamodzi kwa khansala, munthu mmodzi samumvera. Ine ndakhala ndikukuwa za Kafue kuyambira kalekale, mumanditcha wamisala.

Mayi a mapasa: Thirani laimu m'dimbamo, achimwene anga amatero.

Aphunzitsi: Laimu amachepetsa asidi m'dothi inde, koma mukapitiriza kuthirira madzi omwewo mwangotaya ndalama.

Membala wobisa dzina: Zikomo nonse. Mwana ndipita naye mawa. Koma repu ndikasiya kugulitsa tidya chiyani abale, apongozi abwera Loweruka ndipo ufa watsala pang'ono.

Nachisale: Mayi ndafunsa kale, mtsinje wake uti? Kumtunda kwanu kuli mgodi kapena mulu wa miyala ya kumgodi? Ndipo akumwa mukutunga kuti?