Kodi a Peter Mutharika ankaphunzitsadi malamulo, kapena upulofesawu ndi waulemu chabe?

Mlimi wa pa Kamwendo:
Anzanga, ndithandizeni. Dzulo pa bawo kuseri kwa golosale pa Kamwendo tinakangana mpaka masewera anaima. Mkulu wina wogula soya akuti upulofesa wa a Mutharika ndi ngati udokotala uja amangopatsa anthu andale powalemekeza. Ine ndinatsutsa, koma umboni ndinalibe. Nkhaniyi yandikhudza chifukwa mwana wanga wamkazi ali Fomu 4 ndipo akulimbikira zoti akaphunzire malamulo ku Chanco. Odziwa, tiuzeni.

Mphunzitsi wopuma, Mchinji Boma:
Achimwene, mukawauze a soyawo kuti upulofesawo ndi wa choko, si wa mphatso. A Mutharika anabadwa mu 1940 ku Thyolo. Digiri yoyamba ya malamulo anaitenga ku London mu 1965, kenaka anapita ku Yale ku America komwe anafika pa udokotala mu 1969. Anaphunzitsako ku Dar es Salaam ndi ku Ethiopia, koma kumene anakhazikika ndi ku Washington University mumzinda wa St. Louis, zaka zoposa 30, makamaka pa malamulo a pakati pa mayiko. Ndale zapoyera anazilowa tsitsi litayera kale: mu 2009 anakhala phungu wa Thyolo East, ndipo akulu awo a Bingu anawapatsa unduna wa zachilungamo, kenaka wa maphunziro, kenaka woona za ubale ndi mayiko ena. Upulezidenti anaupeza mu 2014.

Wa kabaza, Waliranji:
Madala, zasukuluzo sitikukana. Koma mwalumpha 2011. Apolisi ataitanitsa Dr Blessings Chinsinga, mphunzitsi wa ku Chanco, chifukwa cha zomwe ananena m'kalasi, aphunzitsi a ku Chanco ananyanyala miyezi yambirimbiri, ndipo nduna ya maphunziro inali pulofesa yemweyu. Ine mlongo wanga anabwerera kumudzi ndi chikwama chake, kudzapalira nawo mtedza m'malo mowerenga.

Nanga pa 3 February 2020? Tsiku limenelo sindinanyamule munthu ndi mmodzi yemwe. Njinga tinatsamiritsa pa mtengo wa mango, tonse khutu pa kawailesi, majaji asanu akuwerenga chigamulo kuyambira m'mawa mpaka mdima. Chisankho cha 2019 chija cha tipeksi anachithetsa, nati wopambana azipeza mavoti oposa theka. Katswiri wa malamulo uja, a Mutharika, anachita apilo, Supreme Court inakananso. Pa chisankho chobwereza cha pa 23 June a Chakwera anapambana. Chondiseketsa n'choti lamulo lomwelo la 50+1 ndi limene a Mutharika anabwerera nalo pampando mu September 2025, ali ndi zaka 85.

Mayi wa ku Mkanda:
Inu abambo, poti mwana wanuyo ndi wamkazi, bwanji mukungomuuza za amuna? Muuzeni za mayi Vera Chirwa, mkazi woyamba ku Malawi kukhala loya. Nawonso ankaphunzitsa malamulo, ku yunivesite ya ku Lusaka. Iwo ndi amuna awo a Orton anagwidwa kumalire kwathu konkuno, cha ku Chipata, pa 24 December 1981. Anawazenga mlandu woukira boma ku khoti la mafumu, lopanda loya wowaimira, n'kuwagamula kuti aphedwe. A Orton anafera m'ndende ya Zomba mu 1992, mayiwo anatuluka mu January 1993. Agogo anga akamakamba nkhaniyi ankatsitsa mawu, ngakhale a payoniya anali atatha kalekale.

Mlimi wa pa Kamwendo:
Zikomo nonse. A soya aja ndawawerengera pa foni m'mawa uno, angoti "St. Louis ndiye kutinso kumeneko?" n'kubwerera pa sikelo yawo. Mayi a ku Mkanda, mtsikana uja walemba dzina la a Vera pachikuto cha kope lake la Histole, ndipo akufunsa kuti khoti lopanda loya limatheka bwanji. Aphunzitsi, limenelo ndakusiyirani inu.