OptiPlex 790 yakana i5-3470, sikirini yangoti bii

Chiko: Akuluakulu ndithandizeni, mutu waima kuyambira m'mawa. Kasitomala wandisiyira kompyuta ya Dell OptiPlex 790 ya tower, za ex-UK zija, ili ndi processor ya i3-2120 ndi RAM ya 4GB. Mnyamatayu ali ndi kachipinda ka magemu kwa Chirimba, akufuna ana azisewerapo GTA V ndi mpira. Eni ake a GTA V yoyamba ija ya pa PC amalimbikitsa processor ya i5-3470 ndiye ndagula yomweyo, socket (pokhala processor) ndi 1155 yomweyi, yakhala bwinobwino osakakamiza. Kuyatsa, fan ikuzungulira, batani la power lili orange, sikirini bii. Ndachotsa batire ya CMOS, ndasiya RAM imodzi, ndazula hard drive, palibe. Ndikabwezera i3 ija ikubuta ngati palibe chachitika. Katatu konse. Wondigulitsa akulumbira kuti processor-yo waizula m'mashini yoyenda. Kasitomala akubwera Loweruka, theka analipira kale, khadi ya zithunzi ya GTX 1050 Ti ili m'njira. Ndaphonya pati?

A Gondwe: Fulasha BIOS mphwanga, ndiko kulembanso kapulogalamu ka pa board koyatsa mashini kaja. Bwezera i3, ika BIOS yomaliza, kenako ikamo i5 yakoyo. Nkhani yatha.

Chiko: BIOS ili kale pa version ya A22 mdala, ndaona nditadina F2 poyatsa. Pamwamba pake palibenso ina.

A Gondwe: Ifulashenso. Nthawi zina imaonetsa nambala koma sinalowe bwino.

Esnart: Achimwene a Chiko, musataye nthawi, BIOS siikhudzidwa apa. 790 ili ndi chipset (chip yoyendetsa board) ya Q65. Q65, Q67 ndi B65 sizilandira ma processor a 3rd gen, mufulashe mpaka kuche. Bowo la socket ndi limodzi inde, ndiye chimene chimapusitsa anthu, koma board imeneyo imathera pa 2nd gen, ma Sandy Bridge a 2011 aja. 3470 yanuyo ndi Ivy Bridge ya 2012, malo ake ndi OptiPlex 7010 kapena 3010. Pa 790 sakani i5-2400 kapena i5-2500, thumba likalola i7-2600. Pamenepo ndiye padenga pake. OptiPlex 990 nayonso ndi chimodzimodzi, ili ndi Q67.

A Gondwe: Achemwali, ine ndayamba ntchitoyi nthawi ya Pentium 4. Chaka chatha chomwechi ndinaika i5-3570 pa board ya 2nd gen nditafulasha, mpaka lero ikuyenda ku cafe ina ku Area 25. Ndinachita ndi manja angawa.

Esnart: Sindikukutsutsani a Gondwe, koma board imeneyo inali chipset yanji? Ngati inali H61, H67, P67 kapena Z68 ndiye zoona, zimenezo zimalandira 3rd gen BIOS ikakwezedwa, wopanga board akatulutsa update yake. Za Q65 ndi zina.

A Gondwe: Inali Gigabyte. Koma 1155 ndi 1155.

Yami: Chiko usanapite patali tenga tochi uyang'ane mapini a socket. Wati wazula ndi kubwezera katatu, pamenepo mtima wanga wadumpha. Ine mwezi wa June ndinapha board ya kasitomala chonchi, kusinthasintha ma processor ndili pa changu, kona ya processor inangokhudza pang'ono mapini awiri anagona. Mashini inkayaka koma ma slot awiri a RAM anafa. Ndinakhala usiku wonse ndi singano ndi kamera ya foni kuwongola, limodzi linathyoka. Ndinagula board ina ndi ndalama zanga, mwezi umenewo lendi ndinachita kukongola. Siya kuyesayesa, bwezera i3, tseka.

Chiko: Mapini ali bwino, i3 ikuona ma slot onse anayi. Ndiye mukuti 3470 ija ndangotaya ndalama? Wogulitsa sabweza, ndikumudziwa.

Fatsani: Sunataye aise, 3470 imayenda malonda, 7010 ndi 3010 zadzaza m'tauni muno ndipo zambiri zimabwera ndi i3. Ine ndili ndi i5-2400 iwiri m'kabati, tikhoza kusinthana, undipeze ku Limbe mawa. Kusiyana kwake pa GTA V mwana sangakuone, zonse ndi ma core anayi, ina 3.1 ina 3.2. Koma dziwa kuti 2400 ndi 95W pamene i3 yakoyo ndi 65W. Tsuka heatsink, fumbi la m'mapepe mwake lichoke lonse, paste ikhale yatsopano. Ndipo paste yeniyeni, osati zoyera za m'kachubu kopanda dzina zija zimauma pa sabata ziwiri. Kutentha kwa October kuno kachipinda ka malata kodzaza ana, mashini imazima yokha.

Yami: Za paste mwandikumbutsa. Kunabwera HP ina kuno ikuzima pakatha mphindi khumi, kutsegula ndinapeza wina anapakamo mankhwala otsukira mano. Atauma gwa ngati laimu. Mwini wake analipira ndalama zonse kwa amene anachita zimenezo, zinandiwawa kwambiri chifukwa anthu akatero amatiyesa tonse akuba.

Madalitso: Ine nkhawa yanga si processor, ndi power supply. Ya 790 tower ndi 265W ndipo yagwira ntchito zaka zoposa khumi mu ofesi kunja isanafike kuno. 1050 Ti imakoka 75W pa slot, pamapepala zikukwana, koma funsa msanga amene akukutumizirayo ngati khadiyo ili ndi bowo la magetsi owonjezera la 6-pin pamwamba. Zina zili nalo zina zilibe. Ikakhala nalo, power supply imeneyo ilibe waya wake. Ndipo chonde chonde usagule ka adapter ka SATA kupita ku 6-pin. Pulagi ya SATA inapangidwira 54W basi. Ine ndinaona ndi maso anga ku game centre ina ku Zomba, anaika RX 580 pa ka adapter koteroko, khadi yokoka 185W, pulasitiki inasungunuka utsi tolo ana ali momwemo. Mwayi wake mwini wake anali pafupi anazula pulagi kukhoma.

Chiko: Ndamufunsa, akuti ilibe 6-pin, ya fan imodzi.

Madalitso: Ikafika usangokhulupirira sitika. Ika GPU-Z, pulogalamu yoonetsa za m'kati mwa khadi, uone, komanso driver ya NVIDIA yeniyeni ilowe yokha osati ya pa CD yobwera m'katoni. Ma 1050 Ti abodza alipo ambiri, mkati ndi GTS 450 yakalekale anangoisintha dzina. Ukaona 1050 Ti ili ndi bowo la VGA kumbuyo bweza pomwepo, yeniyeni ilibe VGA. Pa yabodzayo gemu ikangodutsa 1GB ya memory imagwa.

Fatsani: Ndi GT 1030 samalaninso anzanga, ilipo ya GDDR5 ndi ya DDR4, dzina limodzi koma ya DDR4 ndi yofooka kutalitali. Ndinagulapo osayang'ana katoni, kasitomala anandibwezera tsiku lomwelo.

A Gondwe: Zonsezi mukuzungulira. Munthu ali ndi processor m'manja, yabwino kuposa 2400, 77W yokha, yosatentha. Mukumuuza akasinthanitse ndi yakale chifukwa choopa kufulasha? Chiko, tsitsanso file ya BIOS, ika pa flash, buta ku DOS. Ukachitira mu Windows ndi pamene zimakanika.

Esnart: A Gondwe, ndi ulemu wonse, mwanayu mumuphetsa board. BIOS ili kale pa yomaliza, kuifulashanso sikuonjezera kanthu, koma magetsi akangothima ili pakati basi board yagona. Pamenepo ndiye kufuna CH341A, kachipangizo kolembera BIOS, ndi kuwotcha chip, Loweruka lafika kale. Chiko ngati ulibe UPS, batire yogwira magetsi akathima, usayerekeze.

A Gondwe: Ine ndimafulasha popanda UPS zaka zonsezi.

Yami: Mwakhala ndi mwayi mdala. Ine inandithimira pa laptop ya mphunzitsi wina batire yake inali yakufa, sindidzaiwala.

Madalitso: China Chiko, wati mpira. Mpira wake uti? Umufunse bwino kasitomalayo lero lomwe asanakuyese wabodza. Ngati ndi PES 2017 kapena FIFA 19, 2400 ndi 1050 Ti ziyenda mosavuta. Koma ana a masiku ano akufuna FC yatsopano, imene inalowa m'malo mwa FIFA, ndipo kuyambira FIFA 23 pa PC amafuna i5-6600K poyambira penipeni. Komanso 2nd gen ndi 3rd gen zonse zilibe AVX2, luso la mu processor limene linayamba ndi 4th gen, ndiye magemu ena atsopano sangatseguke n'komwe ngakhale utaika khadi yodula bwanji. Muuze zoona zake, mashini iyi ndi ya magemu akale. Ukamulonjeza zambiri adzakhala pakhomo pako sabata iliyonse.

Fatsani: Zoona. Ndipo ndalama yotsala aike pa RAM ndi SSD osati kulimbana ndi i7. 4GB pa GTA V ndi chibwibwi chokhachokha. Ika 8GB, timitengo tiwiri ta 4GB tofanana kuti iyende dual channel, akatha 16GB ndiye malire a board imeneyo. DDR3 wamba ya desktop. Pali anyamata akugulitsa RAM ya ma server motchipa, ya ECC registered ija, imalowa pa slot koma siibuta. SSD ngakhale ya 240GB ya Windows, magemu akhale pa hard drive.

Esnart: Ukafuna kusintha fan kapena heatsink kumbukira kuti pulagi ya fan pa board zimenezi ndi ya mapini asanu, yawoyawo. Ukaika fan wamba izikufunsa udine F1 nthawi iliyonse poyatsa. Kasitomala wa game centre sangapirire zimenezo, m'mawa uliwonse kusaka keyboard.

Chiko: Nanga nditangogula board ya 7010 ndikuikamo mu case yomweyi? 3470 ndili nayo kale, RAM ndi DDR3 yomweyo.

Yami: Ukayamba zimenezo phindu lako lathera pomwepo. Mawaya akutsogolo, batani la power, sensor ya kutentha, zonse uyambe kufananiza, china chikapanda kugwirizana ndi F1 yomweyo. Kuli bwino kugula 7010 yathunthu yopanda processor, 790 ugulitse kwa a sukulu kapena a stationery, i3 imawakwanira.

Madalitso: Ndipo tizikumbukira Windows 10 inasiya kulandira ma update wamba pa 14 October 2025, pamene 11 imafuna 8th gen ndi chip ya chitetezo ya TPM 2.0. Mashini zonsezi tikuzikakamiza kulandira 11 ndi pulogalamu ya Rufus. Pa game centre yopanda intaneti palibe vuto, koma ma flash a ana aja amabwera ndi ma virus osaneneka, umuikire Deep Freeze, pulogalamu yobwezera mashini mmene inalili ikayatsidwanso, kapena umusungire image (kope la Windows yonse).

A Gondwe: Windows 7 inali bwino pa mashini zimenezi, sinkavutitsa munthu. Koma Chiko, usanapite ku Limbe yesa kaye zomwe ndakuuzazo. Mphindi zisanu zokha. Ikakana ndivomera.

Esnart: Ikana a Gondwe.

Fatsani: Chiko ndikhala pa shopu mpaka 4 koloko mawa, ubwere nayo 3470 tiiyese pa 7010 yanga kaye tisanasinthane. Ngati ndi yakufa tidziwire pomwepo.

Yami: Poti tatchula za UPS, alipo amene ali ndi mabatire a 12V 7Ah abwino? Amene ndinagula mwezi watha awiri afufuma kale, UPS ikungolira magetsi akathima osagwira ngakhale mphindi imodzi.

Madalitso: Yeza kaye charging ya UPS-yo ndi multimeter, iyenera kukhala cha m'ma 13.6V. Ikapitirira kwambiri ndi imene ikuphika mabatire, ugula ena afufumanso. Ndi ya mtundu wanji?

Yami: Ndiyang'ana ndikafika ku shopu, sitika yake inafufutika.

Esnart: Achimwene a Chiko, Loweruka lija ladutsa, zinatha bwanji?

A Gondwe: Anafulasha kapena sanafulashe?