Ndithandizeni abale: miyendo ili bwino koma ndikusochera, chaka chino ndikonze bwanji?

Muli bwanji nonse pagulu pano? Ndimakhala ku Mabvuku ku Harare, makolo kwawo ndi ku Dedza. Chino ndi chaka chachitatu ndikuchita orienteering, masewera othamanga uli ndi mapu ndi kampasi m'manja, kusaka timbendera tofiirira ndi toyera m'tchire motsatira manambala ake.

Chaka chatha ndinalemba m'kope cholinga chimodzi basi: makilomita 40 sabata iliyonse. Ndinakwanitsa, ndipo mpweya ndili nawo tsopano. Koma tsiku lina tikuyeserera m'tchire cha ku Cleveland Dam ndinataya mphindi 11 pa kambendera kamodzi. Kanali kuseri kwa chulu. Ine ndinkazungulira chulu china, thukuta lili kamukamu, mapu ndawagwira chozondoka osadziwa. Bambo ena aimvi anangofika akuyenda ndawala, chala chachikulu chili pa mapu, nadinda pa kambenderako posonyeza kuti akapeza, n'kumapita. M'kombi pobwerera sindinalankhule ndi munthu, zinandiwawa zedi.

Ndiye funso langa ndi ili. Cholinga cha chaka munthu amachiyeza ndi chiyani? Makilomita, nambala yomwe wathera pa mpikisano, kapena mphindi zomwe wataya posochera? Mtima wanga uli pa mpikisano wa middle, uja akatswiri amamaliza m'mphindi 30 mpaka 35 pa mapu a 1:10,000. Sprint, mpikisano waufupi wa m'tauni pa mapu a 1:4,000, siindivuta kwenikweni chifukwa nyumba ndi misewu sizinama. Ndikusunga kandalama kuti ndikapikisane ku South Africa, ndipo sindikufuna kukawonongera ulendo pa chulu china.

Komanso nyengo ndiigawe bwanji? Kuyambira Disembala mpaka Malichi udzu umafika m'chifuwa, Okutobala dzuwa lake mukulidziwa. China, kampasi yomwe msuweni wanga ananditumizira kuchokera ku London singano yake imakhulakhula pansi, imachedwa kukhazikika. Yawonongeka kapena?

Yankho:
Achimwene, kampasiyo siyowonongeka. Anaipangira maiko a kumpoto, ndiye kuno kummwera singano imapendekeka n'kumakhuza pansi. Funani yolembedwa kuti ndi ya southern hemisphere, kapena ya global. Za cholingazo, nambala ya pa mpikisano isiyeni, imadalira amene abwera tsikulo. Mukangomaliza kuthamanga, khalani pansi mujambule ndi cholembera chofiira momwe mwadutsa, mulembe mphindi zotayika ndi chifukwa chake. Ikatha miyezi itatu mudzaona kuti vuto ndi limodzimodzi likungobwerezabwereza. Langa linali kuchoka pa kambendera ndi liwiro ndisanayang'ane kolowera.

Yankho lina:
Mwanawe, chepetsako makilomitawo. Nthawi ya mvula limbitsa miyendo pa msewu ndi m'zitunda, uziwerenga mapu madzulo kunyumba. Kuyambira Meyi udzu ukauma lowa m'tchire kawiri pa sabata. Ndipo upite ku Domboshava ukaphunzire mizere yabulauni ija ya pa mapu, yosonyeza zitunda ndi zigwa, pa matanthwe a kumeneko, chifukwa njira ndi udzu zimasintha koma phiri silisuntha.

Wofunsa uja:
Zikomo kwambiri akuluakulu. Mizere yabulauniyo ndiye kwenikweni kufooka kwanga, ndimangodalira mizere yakuda yosonyeza njira. Alipo wa mbali ya Tafara kapena Mabvuku woti tizipitira limodzi Loweruka m'mawa, wina azibisa timbendera wina azisaka?